Brenda Lee, Kuchoka ku Rock ya Ubwana Kubwerera ku Country: Mafunso ndi Mayankho

Disembala akafika, m'masitolo akuluakulu a m'tauni mumamveka kanyimbo kena ka Khrisimasi kovinika, kokhala ndi sakisofoni pakati. Ambiri amakadziwa kanyimboko koma mwini wake, Brenda Lee, samudziwa. Omwe amamudziwa nawo amagawanika pawiri: ena amati ndi woyimba wa rock and roll, ena amalumbira kuti ndi wa country. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anzanga okonda chamba cha country amandifunsa tikakhala pansi n'kumamvera nyimbo zakale, ndipo ndawayankha monga munthu yemwe adamva mawu a mayiyu asadadziwe n'komwe Chingerezi.

Kodi Brenda Lee ndi ndani?

Dzina lake lenileni ndi Brenda Mae Tarpley. Adabadwa pa 11 Disembala 1944 mumzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America. Adatchuka dziko lonse ali ndi zaka 15, akuyimba rock and roll ndi pop, ndipo m'zaka za m'ma 1960 nyimbo zake 47 zidalowa pam'ndandanda wa Billboard wa nyimbo zomwe zikuyenda malonda ku America. Pa zaka khumi zimenezo adamuposa ndi Elvis Presley, The Beatles ndi Ray Charles basi. Kuyambira m'ma 1970 adakhazikika pa country. Ndiye mayi woyamba kulemekezedwa m'nyumba zonse ziwiri zosungira mbiri ya akatswiri: Country Music Hall of Fame mu 1997, ndi Rock and Roll Hall of Fame mu 2002.

Adayamba bwanji kuyimba ali wamng'ono choncho?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo amene sadamvetse gawo ili sangamvetse chifukwa chomwe country idamukhalira bwino atakula.

Banja la a Tarpley lidali losauka. Ankasamukasamuka m'timatauni tozungulira Atlanta, monga Lithonia ndi Conyers, kutsata komwe bambo apeza ganyu ya zomangamanga. Nyumba zake zinkakhala za zipinda zitatu, zopanda madzi a m'mpopi, ana onse pabedi limodzi. Brenda adaphunzirira kuyimba kutchalitchi cha Baptist komanso pa kawailesi ka m'nyumba. Akamva nyimbo kamodzi kawiri, ankaigwira yonse. Asadayambe n'komwe sukulu, ankamunyamula n'kumuimika pakauntala ya kagolosale ka m'dera lawo kuti ayimbe, anthu n'kumamupatsa maswiti kapena timakobidi. Atapambana mpikisano wa luso wa pasukulu, adayamba kuyitanidwa kuwailesi ndi pakanema wa ku Atlanta.

Mpaka apa idali nkhani yokoma ya mwana wa mphatso. Koma mu 1953 bambo ake adamwalira atachita ngozi pantchito yomanga. Brenda adali ndi zaka 8. Mayi ake adalowa ntchito mufakitale ya thonje, koma malipiro sankafika kumapeto a mwezi. Kuyambira pamenepo kuyimba sikudalinso masewera. Ndalama zomwe kamtsikanako kankalandira kumapwando ndi kuwailesi ndizo zinkagula chakudya ndi kulipira lendi.

Ife sitisowa wotimasulira zimenezi. Tonse tidamuonapo mwana yemwe maliro a bambo atangotha adasanduka mutu wa banja, beseni la mandasi pamutu, anzake ali m'kalasi. Kusiyana kwake n'koti malonda a Brenda adali pakhosi. Ndikamamvera nyimbo zomwe adajambula ali ndi zaka 12 kapena 13, anthu amadabwa kuti kamwana kakumveka bwanji ngati mayi wamkulu yemwe adaona zambiri. Ine sindidabwa. Adali ataona kale zambiri.

Ndani adamutulukira?

Red Foley, mmodzi mwa akuluakulu a country nthawi imeneyo. Banja litasamukira ku Augusta, Foley adabwera kudzayimba mumzindamo ndi gulu la pulogalamu yake ya pakanema ya Ozark Jubilee. Munthu wina wa pawailesi adamuchonderera kuti amvereko kamtsikana kena. Brenda adakwera pansanja n'kuyimba "Jambalaya" ya Hank Williams, ndipo anthu sadafune kuti atsike. Posakhalitsa adayamba kuoneka pa Ozark Jubilee, yomwe inkajambulidwa ku Springfield, Missouri, n'kumaonetsedwa dziko lonse la America.

Mu 1956 kampani ya Decca idamulemba, ndipo nyimbo yoyamba kutulutsa idali "Jambalaya" yomweyo. Pambale adalembapo kuti ali ndi zaka 9 pomwe adali ndi 11, pofuna kuti anthu adabwe kwambiri. Mugwire mfundo iyi, chifukwa tibwereranso: khomo lomwe Brenda adalowera lidali la country. Womutulukira adali wa country, pulogalamu ya country, nyimbo ya Hank Williams. Ngakhale "One Step at a Time" ya 1957, yoyamba kulowa pam'ndandanda, idachita bwino kumbali ya country kuposa ya pop.

Nanga dzina loti Little Miss Dynamite?

Lidachokera ku nyimbo yake ya 1957 yotchedwa "Dynamite", koma chidalikhazikitsa ndi msinkhu wake. Ngakhale atakula sadapitirire masentimita 145, pomwe mawu ake ankadzaza holo yonse.

Msinkhuwo udabweretsa nkhani ku France mu 1959. Okonza phwando ku Olympia, mumzinda wa Paris, adangomva mbale zake n'kuganiza kuti akuyitana mayi wamkulu. Atazindikira kuti ndi mwana wa zaka 14 adayamba kubwerera m'mbuyo. Manijala wake, Dub Allbritten, adafalitsa mphekesera m'manyuzipepala yoti Brenda ndi munthu wamfupi wa zaka 32, kenaka iye yemweyo n'kumaitsutsa. Anthu adakhamukira kukadzionera okha, ndipo kuchoka apo Ulaya adamutsegulira zitseko. Nkhaniyi anthu amaifotokoza akuseka, koma ine imandimvetsa chisoni. Mwana wa zaka 14 akumuchitira malonda ndi thupi lake kudziko la eni, iye alibe ponena.

Ndi nyimbo ziti zomwe zidamukweza pamwamba?

"Sweet Nothin's", yopekedwa ndi Ronnie Self, ndiyo idaswa mwala. Idatuluka kumapeto kwa 1959 ndipo mu 1960 idafika pa nambala 4 ku America komanso ku Britain. Ndi rock yeniyeni, ya mawu okhakhala, yamatama, ya mtsikana yemwe sakuchita manyazi.

Kenaka kudabwera "I'm Sorry". Akuluakulu a Decca adayamba aisunga kwa miyezi ingapo, ati mwana wa zaka 15 sayenera kuyimba za chikondi chowawa chotero. Pomaliza adaitulutsa kuseri kwa mbale, kutsogolo ataikako "That's All You Gotta Do" yomwe adapeka Jerry Reed. Owulutsa mawu adatembenuza mbale ija, ndipo ya kuseriyo ndiyo idafika pa nambala 1 mu 1960. Chaka chomwecho "I Want to Be Wanted", nyimbo ya ku Italy yomwe adaiveka mawu a Chingerezi, idafikanso pa nambala 1. Zidatsatira ndi "Emotions", "Dum Dum", "Fool #1", "Break It to Me Gently", komanso "All Alone Am I" ya 1962, yomwe maimbidwe ake adapeka ndi Manos Hadjidakis wa ku Greece. Pakati pa 1960 ndi 1962 nyimbo zake 9 zotsatizana zidalowa m'gulu la khumi zapamwamba.

Ngati ankajambulira ku Nashville, bwanji sankatchedwa wa country?

Ili ndilo funso lomwe ndimalikonda, chifukwa yankho lake limagwetsa maganizo oti Brenda "adasintha chamba".

Kuyambira 1958 wojambula wake adali Owen Bradley, yemwe adali ndi situdiyo pa 16th Avenue South ku Nashville. Mbali ina ya situdiyoyo idali chinyumba cha malata chokhota ngati theka la mgolo, cha mtundu womwe asilikali ankamanga pankhondo, ndipo chinkadziwika kuti Quonset Hut. M'menemo munkasonkhana kagulu ka anthu omweomwewo tsiku ndi tsiku: Floyd Cramer pa piyano, Grady Martin ndi Hank Garland pa magitala, Bob Moore pa besi, Buddy Harman pa ng'oma, Boots Randolph pa sakisofoni, ndi oyimba othandizira a Anita Kerr. Onse ankayimbira pamodzi m'chipinda chimodzi, woyimba ali pomwepo. Wina akalakwitsa, onse ankayambiranso.

Anthu amenewa ndi omwe ankayimbira Patsy Cline mu situdiyo yomweyo, pansi pa Bradley yemweyo, kukampani yomweyo. Ikani "I'm Sorry" ya Brenda ndi "Crazy" ya Patsy Cline motsatizana, mutseke maso. Mudzamva kuti ndi ana a bere limodzi. Koma imodzi idagulitsidwa ngati pop, inayo ngati country.

Chifukwa chake chidali malonda. Rock and roll itabwera cha m'ma 1955, idalanda achinyamata onse, ndipo country idagwira njakata. Bradley ku Decca ndi Chet Atkins kukampani ya RCA adapeza njira yopulumukira: adachotsa kavayolini kokwekweta ka kumudzi ndi gitala yolira ngati ikusisima, m'malo mwake n'kuikamo piyano yofewa, oyimba othandizira ndi mavayolini ambiri oyimbira pamodzi. Maimbidwe amenewa ndiwo adatchedwa Nashville Sound, ndipo "I'm Sorry" ili m'gulu la nyimbo zoyambirira ku Nashville kugwiritsa ntchito mavayolini mwanjira imeneyi. Msika wa pop udali waukulu kutalitali kuposa wa country. Decca ndi Allbritten adaona kuti mtsikana wa zaka 15 agulidwa ndi achinyamata anzake, choncho mbale zake ankazitumiza kumawailesi a pop okha. Zotsatira zake n'zodabwitsa: kuchoka mu 1957 mpaka 1969 dzina la Brenda Lee silidaonekenso pam'ndandanda wa country, chikhalirecho amakhala ku Nashville, amajambulira ku Nashville, ndipo anzake ocheza nawo adali a country.

Patsy Cline ankamutenga ngati mng'ono wake. Brenda mwini amafotokoza za tsiku lina ali mwana, pomwe wokonza phwando adathawa ndi ndalama n'kuwasiya iye ndi mayi ake opanda ngakhale ya thiransipoti. Patsy ndiye adawakweza m'galimoto yake n'kuwadyetsa. Patsy adafa pangozi ya ndege pa 5 Malichi 1963.

N'zoona kuti The Beatles adamutsegulirapo phwando?

N'zoona. Mu 1962 ku Star-Club mumzinda wa Hamburg, ku Germany, dzina lalikulu lidali Brenda Lee, ndipo anyamata anayi a ku Liverpool aja adali asadadziwike kunja kwa kwawo. Brenda amanena kuti adawakonda mpaka adakawachitira umboni kwa mabwana a Decca ku America, koma mabwanawo sadalabadire. Pasadathe zaka ziwiri, anyamata omwewo adasintha msika wonse womwe iye ankadyerapo.

Nanga sukulu, ndalama ndi banja zidayenda bwanji?

Ankaphunzira pa Maplewood High School ku Nashville, maulendo ake n'kumawakonza mozungulira masiku a sukulu momwe kukadathekera. Poti adali mwana, khoti lidalowererapo pa za chuma chake: Allbritten adaikidwa kukhala womuyang'anira mwalamulo, ndipo ndalama zambiri zinkasungidwa mpaka atakula. Izi zidachititsa kuti banja lipitirize kukhala moyo wamba pomwe dzina lake linkamveka dziko lonse, koma zidamutetezanso ku zomwe zidagwera ana ambiri otchuka, omwe pokula amapeza nkhokwe ili gwaa.

Mu 1963, ali ndi zaka 18, adakwatiwa ndi Ronnie Shacklett, mnyamata wa ku Nashville yemwe adamuona kuphwando la Jackie Wilson. Manijala ndi mayi ake sadakondwe nazo, poopa kuti achinyamata asiya kugula mbale za mkazi wapabanja. Banjalo lidadalitsidwa ndi ana aakazi awiri ndipo lidadutsa zaka 60.

Chidachitika n'chiyani kuti msika wa rock umusiye?

Mu 1964 magulu a ku Britain adasefukira ku America, The Beatles patsogolo. Achinyamata adayamba kufuna magulu a magitala omwe amapeka okha nyimbo zawo. Brenda sadali wopeka. Luso lake lidali lotenga nyimbo ya munthu wina n'kuiyimba ngati yamuchitikira dzulo, ndipo kwa kanthawi luso lotere lidatsika mtengo.

Sadangokhala manja lende. Chaka chomwecho adapita ku London kukajambula "Is It True" ndi wojambula nyimbo Mickie Most, ndipo mmodzi mwa omwe adaliza gitala adali Jimmy Page, amene pambuyo pake adayambitsa Led Zeppelin. Mu 1966 "Coming On Strong" idachitako bwino. Kenaka adayesa New York, komwe kudachokera "Johnny One Time" ya 1969 yomwe idasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy. Adayesanso Memphis ndi wojambula nyimbo Chips Moman. Kunja zinthu zinkayendabe: ku Japan ankamukonda kwambiri mpaka adajambula nyimbo m'chilankhulo cha kumeneko, monganso adachitira m'Chijeremani ndi m'Chitaliyana. Koma kwawo ku America mawailesi a achinyamata adali atayang'ana kwina. Tangoganizani: munthu wa zaka 25, msinkhu womwe ambiri amakhala akungoyamba kumene, iye akuwerengedwa kale ngati wakale. Mu 1971 Allbritten, yemwe adamuyendetsa kuyambira ali mwana, adamwalira.

Ndiye adalowa liti mu country mwachindunji?

Chaka chomwecho cha 1971 adabwerera kwa Owen Bradley. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Adayamba ndi "If This Is Our Last Time", yomwe mawailesi a country adailandira. Mu 1972 adatulutsa "Always on My Mind", miyezi ingapo ya Elvis Presley isadatuluke, komanso zaka 10 Willie Nelson asadaitchukitsenso mu 1982. Ambiri kuno amaidziwa kudzera mwa Willie. Ya Brenda sidapite patali pamsika, koma muifune, muimve.

Yomwe idatsegula chitseko chonse ndi "Nobody Wins" ya 1973, yopekedwa ndi Kris Kristofferson, yomwe idafika pa nambala 5 pam'ndandanda wa country. Imakamba za anthu awiri omwe atopa n'kukangana ndipo aona kuti palibe chotsalira choti alimbirane. Chaka chomwecho Decca idasintha dzina n'kukhala MCA. Zidatsatana: "Sunday Sunrise", "Wrong Ideas", "Big Four Poster Bed" ya Shel Silverstein mu 1974, "Rock On Baby", ndi "He's My Rock" mu 1975, zonse m'gulu la khumi zapamwamba. Patadutsa kanthawi ka zii, adabweranso ndi "Tell Me What It's Like" mu 1979, kenaka "The Cowgirl and the Dandy" ndi "Broken Trust" mu 1980, yomalizayi akuthandizidwa ndi The Oak Ridge Boys. Mu 1982 adali pachimbale cha The Winning Hand pamodzi ndi Dolly Parton, Willie Nelson ndi Kristofferson, ndipo mu 1984 adayimba limodzi ndi George Jones.

Kodi sikudali kungothawira ku country chifukwa kwina zidavuta?

Anthu amafunsa zimenezi moderera, ndipo ndiyankha mosabisa. Inde, msika udatengapo mbali. Woyimba amadya pakhosi pake, ndipo Brenda adadziwa kuyambira ali ndi zaka 8 kuti akasiya kuyimba moto suyaka pamafuwa. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe onyozawo amaziiwala. Choyamba, omvera ake nawo adakula. Mtsikana yemwe adagula "Sweet Nothin's" mu 1960 adali mayi wa ana awiri pofika 1973, ali ndi ngongole, mwina banja likugwedezeka. Rock ya nthawi imeneyo sinkamulankhula. Country ndiyo inkakamba za ukwati, kusiyana, ntchito, mowa, tchalitchi ndi kulera ana. Brenda sadasiye anthu ake n'kukafuna ena. Onse adasamukira limodzi. Chachiwiri, country nayo idali itasendera kufupi ndi iye. Maimbidwe a mavayolini omwe adathandiza kuyambitsa mu 1960 ndiwo adali atasanduka chizolowezi cha Nashville pofika m'ma 1970.

Okonda country sachedwa kununkhiza mlendo yemwe wangovala chipewa kuti adye nawo. Brenda sadamukayikire, chifukwa adamuona akukula. Mu 1988 k.d. lang atafuna kulemekeza amayi a country pachimbale chake cha Shadowland, chomwe adajambula ndi Bradley, adayitana atatu: Kitty Wells, Loretta Lynn ndi Brenda Lee.

Mawu ake adasintha?

Adatsika pang'ono n'kulemera, monga amachitira mawu a munthu aliyense. Chomwe chidasintha kwambiri ndi kudekha. Ali mtsikana ankaulukira liwu lililonse, kulikukuta, kulikhadzula kumapeto. Pa "Nobody Wins" amalisiya liwu lipume, ndipo kukhakhala kuja kumangotulukira pamalo amodzi kapena awiri, pomwe pakupwetekadi. Ine ndimaona kuti ali wamng'ono ankayimba chisoni chomwe adachidziwira pamaliro a bambo ake koma atachiveka mawu a chikondi cha anyamata ndi atsikana. Atakula, mawu a nyimbo ndi zaka zake zidakumana.

Alipo ena omwe adadutsa njira yomweyi?

Ambiri. Conway Twitty adafika pa nambala 1 ndi "It's Only Make Believe" mu 1958, n'kulowa country mu 1965 kudzera mwa Owen Bradley yemweyo. Jerry Lee Lewis adadzuka ndi "Another Place, Another Time" mu 1968. Wanda Jackson naye adachoka ku rockabilly, rock yoyambirira yosakanikirana ndi country, kubwerera ku country. Kenny Rogers, yemwe kuno sasowa m'nyumba, adayamba wadziwika ndi gulu la rock la The First Edition. Pambuyo pake Darius Rucker wa gulu la rock la Hootie & the Blowfish adachita chimodzimodzi mu 2008. Ambiri mwa akale aja adali ana a kummwera kwa America omwe adaleredwa ndi nyimbo za kutchalitchi ndi country, rock n'kuwapeza panjira.

Ife kuno zikutikhudza bwanji?

Kuposa momwe ambiri amaganizira. Amalawi timakonda country, ndipo pamwamba pa onse pali Jim Reeves. Mukamamvera "He'll Have to Go", piyano yomwe mukumva ndi ya Floyd Cramer, besi ndi ya Bob Moore, ndipo mawu othandizira ndi a gulu la Anita Kerr. Ndi anthu omwe aja a kumbuyo kwa Brenda Lee. Khutu lomwe lidaleredwa ndi Jim Reeves limamudziwa kale Brenda ngakhale lisadamve dzina lake. Reeves adakayimba ku South Africa mu 1962 pamodzi ndi Chet Atkins ndi Cramer, ndipo mbale zambiri za mtunduwu zidafika kumidzi kwathu m'masutukesi a anthu obwera ku Joni ndi ku Halale.

Umu ndi momwe ine ndidamumvera koyamba. Amalume adabwera kumigodi ndi gumbagumba ya mabatire ndi kamulu ka timbale ting'onoting'ono tokulunga m'thawulo. Loweruka m'mawa ntchito yanga idali yoyala mabatire padenga la nkhokwe kuti awothere dzuwa, ati alowemo mphamvu. Madzulo amalume ankatulutsa kambale kamodzi, kukapukuta ndi mpango mozungulira, kuuzira singano, n'kuitsitsa pang'onopang'ono ngati akuika dzira. Mbale ya "All Alone Am I" idali ndi kachilema chapakati, ndipo singano ikafika pamenepo inkalumpha. Amalume ankakhala chala chili chire, n'kuikankha pang'ono isadabwereze. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Amalume, mayiwa akulira chiyani?" Iwo adati, "Mphwanga, amenewa asiyidwa okha. Ukadzakula udzamva." Sadadziwe kuti "mayiwa" adajambula nyimboyo ali ndi zaka 17. M'nyumba mwathu palibe adautchulapo kuti pop. Kambaleko kankakhala m'thawulo limodzi ndi Jim Reeves ndi Skeeter Davis, ndipo tonse tinkangoti ndi country. Pamenepa amalume, omwe sadaonepo m'ndandanda wa Billboard, adalondola kuposa mabwana a Decca.

Nanga kanyimbo ka Khrisimasi kaja?

"Rockin' Around the Christmas Tree" adapeka ndi Johnny Marks, yemwenso adapeka nyimbo ina ya Khrisimasi ya "Rudolph the Red-Nosed Reindeer". Brenda adaijambula mu 1958 ali ndi zaka 13. Iye amakumbukira kuti Bradley adaziziritsa situdiyo n'kuimikamo mtengo wa Khrisimasi wokongoletsedwa kuti mwanayo amve ngati nyengo yafika. Sakisofoni ija ndi ya Boots Randolph. Chaka choyamba idagulidwa mbale pafupifupi 5,000 zokha, ndipo idadzayamba kuyenda mu 1960 dzina lake litatchuka ndi nyimbo zina. Filimu ya Home Alone ya 1990 idaipatsa m'badwo watsopano.

Kumvera nyimbo pa intaneti kutayamba kuwerengedwa pam'ndandanda, nyimboyi inkakwera Disembala aliyense, ndipo kuyambira 2019 inkakakamira pa nambala 2, kumbuyo kwa ya Mariah Carey. Mu 2023 Brenda adaijambulira vidiyo koyamba, momwe mukuonekanso Tanya Tucker ndi Trisha Yearwood, onse a country. Kumayambiriro kwa Disembala chaka chimenecho idafika pa nambala 1, patatha zaka 65 chitulukireni. Brenda adali ndi zaka 78, ndipo adakhala munthu wamkulu kuposa onse kufika pamenepo, kuposa Louis Armstrong yemwe adachita zimenezi mu 1964 ali ndi zaka 62. Kuchokera pa nambala 1 yake yomaliza ya 1960 padali patadutsa zaka 63. Owen Bradley sadazione. Adamwalira mu 1998.

Ndikufuna kuyamba kumumvera. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi zimbale zosonkhanitsa za Khrisimasi. Yambani ndi "Jambalaya" ya 1956 kuti mumve kamwana ka zaka 11 kaja. Kenaka "Sweet Nothin's", mukweze voliyumu. Ikatha, ikani "I'm Sorry" ndi "Break It to Me Gently", ndipo mutchere khutu ku piyano. Mukatero lumphani zaka khumi mufike pa "Nobody Wins" ndi "Big Four Poster Bed", yomwe imafotokoza moyo wa banja lonse kudzera pa bedi limodzi lomwe bambo adakhoma ndi manja awo. Zonsezi zilipo pa YouTube ndi Spotify, ndipo pamodzi sizikwana mphindi 20, choncho bandulo ya tsiku limodzi ikukwanirani. Ngati kwanu kuli agogo kapena amalume omwe adayendako ku Joni, akhazikeni pafupi ndi foniyo musanayambe, ndipo muwafunse kuti ndi iti mwa izi yomwe adali nayo pambale.